Kalongonda wa a Chipewa

"Ndati muzule zonse! Pofika mawa madzulo munda ukhale uli mbee!" anatero a Chipewa, akumenya tebulo ndi kalata.

"Ndizule chiyani?" Make Mapasa anafunsa osadzutsa mutu. Anali pakhonde, lichero pamiyendo, akusankha chisoso.

"Tchire lanu lija la m'mphepete mwa munda. Pakatha milungu itatu kukubwera alendo, anthu a magalimoto. Adzapeze zitsamba m'munda wa mlimi wachitsanzo?"

"Tchire mukunenalo ndi lomwe lija munanyambitira zala dzulo, mpaka kuitanitsa poto."

"Zimenezo ndi za m'mbale. Ine ndikunena za kumunda."

"Kani inu mumayesa zimamera m'mbale?"

A Chipewa anakonza chipewa chawo. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a pabawo, chifukwa chilandirireni chipewa chobiriwira cha bungwe la zaulimi sanachivulepo, kupatula posamba, ndipo ngakhale pamenepo ena ankakayika. Munthuyu anakulira m'tauni, nakalambira muofesi akunyamula makalata. Munda ankaudziwa monga munthu adziwira apongozi: patali, mwaulemu.

Make Mapasa anaika lichero pansi, nalowa m'nyumba, n'kulanda kalatayo. Sukulu analekeza sitandade faifi, koma kalata yonena za katundu ankaiwerenga osaphonya. Alendo ankabwera kudzaona kalongonda, nyemba zoyanga zija zimene zimaphimba nthaka, kupha udzu ndi kubwezera chonde. Mbewu yake bungwe linagawa mvula isanagwe. Tsiku lomwelo mlimi wachitsanzo adzapatsidwa pampu yothirira, yopalasa ndi miyendo.

"Kalongonda wakeyo ali kuti, bambo?"

"Ali m'ndondomeko."

"Ali pabawo. Ndinamuona ndi maso angawa, anzanu akumuponya m'maenje, khocho khocho."

"Anangobwereka. Njere zake n'zosalala, zimagwirika bwino. Miyala imapweteka zala."

"Ndiye kaoneni pabawopo, mwina wamera."

"Amake mapasa, pakamwa panupa padzakupwetekani."

"Pandipweteke pakamwa, msana upumeko. Tamverani. Njinga munalandira, imakaswera pabawo. Wilibala munabwereka mng'ono wanu, lero akuti anagula. Pampuyi yokha ayi. Zaka zisanu ndi zinayi ndikusenza makheni kuchokera kumtsinje kupita kudimba, msana ukulira ngati chitseko chakale. Mukawauze alangizi afufute dzina lanu, alembe langa. Mukatero, ine ndidziwa chowaonetsa alendowo."

"Pepala limati mutu wa banja."

"Mutuwo ulime ndiye. Ife miyendo tapuma."

Phokoso linaitana a Wailesi, mlongo wawo wa a Chipewa, amene nyumba yawo inali kuseri kwa mpanda. Iwo nkhani ankaimva isanayambe ndipo ankaifalitsa isanathe.

"Alamu, mwamuna sachititsidwa manyazi," anatero, mutu uli pamwamba pa mpanda. "Dzina likakhala la achimwene papepala, ndi la tonse."

"Ndiye msana ukhalenso wa tonse, alamu. Kheni ili apo."

"Ine nyamakazi yandiyambanso dzulo," anayankha a Wailesi, mutu n'kubwerera kumene unachokera.

M'mawa mwake a Chipewa anakoleka khasu paphewa. Njira ya kumunda inali yachidule, koma iwo anadzera kumsika, kupereka moni khomo ndi khomo kuti aliyense alione khasulo. Dzuwa lisanayambe kuwawa anali atabwerako.

"Ulimi ndi wosavuta," anatero akudziponya pampando. "Azimayi mumangokokomeza."

Make Mapasa anadzilimbitsa mpaka masana. Mtima unakana, anakasuzumira. Anabwerako chitenje chili m'chiuno, akupuma ngati wathamangitsidwa.

"Bambo, mwapha ndiwo za miyezi itatu! Bonongwe uja ndimati ndiyanike, tidzadye m'chilimwe. Luni uja ndimasungira mbewu. Denje lonse mizu ili m'mwamba. Ngakhale mpungabwe, umene ndimafukiza m'nyumba kuti udzudzu ukulekeni muziliza mkonono mwamtendere, mwaugwetsa."

"Zokongola ndazisiya."

"Zimene mwazungulizira timiyalazo?"

"Maluwa ofiira aja. Alendo amakonda maluwa. Kuofesi kwathu tinkatero."

"Ameneyo ndi kaufiti! Amayamwa chimanga kumizu ngati nkhupakupa pakhutu la galu. Kamtengo kamodzi kamabala njere zodzaza munda wonse. Mwapha ana a pakhomo, wakuba mwamuikira mpando."

"Mukanabwera, mukanandiuza."

"Mukanalemba dzina, ndikanabwera."

Apo a Chipewa anapeza kuti wailesi yawo ikufuna kukonzedwa, nayamba kuipotokola.

Make Mapasa sanaseke tsiku limenelo. Zitsamba zija sanazidzale, inde, koma ankazidziwa monga mayi adziwira ana: ichi chimafuna mthunzi, ichi uchileke chikhwime, ichi uchizule chisanachite maluwa. Popalira ankazilambalala ndi khasu chaka ndi chaka. Anabwerera kumunda, natola zimene zinali zisanafote, nazitengera kunyumba.

Mlungu wachiwiri kunabwera alangizi, mtsikana wa njinga yamoto, wongotuluka kumene kukoleji. Make Mapasa anawatulutsira mpando, nawapatsa madzi akumwa, n'kuima chapafupi.

"Alangizi, ndili ndi mawu pang'ono."

"Mayi, tithane kaye ndi za ulimi ndi bambowa, ticheza pambuyo," anayankha alangizi mwaulemu wonse, maso ali papepala. "Bambo, kalongonda akuchita bwanji?"

"Wayanga moti njoka ikalowamo imasochera."

"Tikamuone?"

"Ali kutali, ndipo njira yake ndi ya minga. Matayala anuwa ndawamvera chisoni. Mudzamuona tsiku lomwelo, pamodzi ndi alendo."

Alangizi anayang'ana matayala, nayang'ana dzuwa, n'kuvomera. Anasiya kabuku ka zithunzi kuti a Chipewa akonzekere zokayankhula, naliza njinga. Kucheza kwa pambuyo kuja kunapita ndi fumbi.

"Bodza limeneli mudzalimwera tiyi," anatero Make Mapasa akulowetsa mpando.

"Munthu wanzeru sasowa njira."

"Mapanga awiri avumbwitsa, bambo. Simungakhale mlimi papepala ndi mlendo kumunda."

A Chipewa anapita pabawo kukaitanitsa njere zawo. Anazipeza zitatsala khumi ndi ziwiri, zakuda bii ndi thukuta la anthu. Anazidzala tsiku lomwelo, nazithirira m'mawa ndi madzulo ndi ketulo. Zinamera zitatu. Mbuzi ya a Wailesi inadya ziwiri.

Kutatsala masiku awiri, anabwera kunyumba akuimba likhweru, kabuku kali m'thumba.

"Mulungu sataya wake. Kumtsinje, kuseri kwa bango, kalongonda wangodzimerera yekha. Masamba atatuatatu, monga pachithunzipa. Nyemba zili lendelende. Anthu a kuno ulesi, chuma chikuwola m'tchire."

Make Mapasa anasiya kutsuka mbale.

"Nyemba zakezo zili ndi ubweya wofiirira?"

"Wokongola ngati jekete la bwana."

"Munazikhudza?"

"Ndinaima patsidya. Panali matope, ndinali ndi nsapato zabwino."

"Bambo, chimenecho ndi chitedze. Masamba ndi amodzi, maluwa ndi amodzi, koma mtima ndi wina. Ubweya umenewo ukakugwera pakhungu, umavula pamaso pa apongozi. Ngakhale mbuzi ya alamu imachilambalala."

"Nsanje! Mwaona kuti ndapeza njira popanda inu."

"Wakutsina khutu ndi mnansi."

"Buku silinama. Ndikhulupirire buku la anthu a madigiri, kapena munthu wa sitandade faifi?"

"Khulupirirani buku. Likakukandani ndi lomwelo."

Tsiku la alendo a Chipewa analawira mame ali mbuu. Anavala zonse zimene bungwe linawapatsa: jombo, chijasi cha mvula, magolovesi ofika m'zigongono. Sanavalire kudziteteza ayi, anavalira kuti anthu aone. Tsono chitedze chikanyowa ndi mame chimakhala ngati mwana wogona, ubweya suuluka. Anachidula, nachinyamula mitolo inayi, n'kuchiyala pamwamba pa mapesi a chimanga, kumbali imene kumachokera mphepo. Kumunsi kwake anandandalika mabenchi.

"Mwaona?" anatero akuvula magolovesi. "Chandiluma pati?"

"Dikirani chidzuke," anayankha Make Mapasa.

Iye sanataye nthawi ndi mkangano. Anadzaza beseni ndi phulusa louma la kukhitchini. Anapita pamulu wa zitsamba zimene mwamuna wake anazula, napeza khovani ali biriwiri, atagwiranso mizu pomwepo. Khovani ndi wotero, ukamuzula amayesa wamusamutsa. Anathyola wambiri, namusinja mumtondo mpaka kutuluka madzi oterera, n'kuika zonse kuseri kwa chulu.

Magalimoto awiri anafika dzuwa lili pamutu. Munatuluka bwana wamkulu wa bungwe, wa suti ndi mimba yake, mayi wina wa kamera, ndi ena atatu onyamula mabotolo a madzi. Pampu inali kumbuyo kwa galimoto, yatsopano, itamangidwa kansalu kofiira. Make Mapasa anaiyang'ana kamodzi, msana wake n'kuyankha.

Anathamangira kwa alangizi.

"Alangizi, chonde, mabenchiwa achoke apa. Chili pamapesipo si kalongonda."

"Mayi, nthawi yatha kale. Tathandizani kuika makapu a tiyi."

Make Mapasa anaika makapu. Kenako anakakhala pachulu.

Alimi a m'deralo anabwera ambiri. Aliyense akafika, ankayang'ana pamapesi, n'kuyang'ana mnzake, n'kuyang'ana kumene ikulowera mphepo, basi n'kukwera pachulu. Posakhalitsa chulu chinadzaza ngati basi ya pamapeto a mwezi, mabenchi ali mbee.

"Bwerani kutsogolo, musachite manyazi!" anaitana bwana.

"Tikumva bwino konkuno, bwana!" anayankha mkulu wina. Palibe amene anachenjeza alendowo. Sewero laulere anthu sakonda kuliononga.

A Wailesi okha, amene anakulira m'tauni limodzi ndi achimwene awo, anakhala benchi lakutsogolo, moyandikana ndi kamera.

A Chipewa anali atavula chijasi, atavala malaya oyera a manja aafupi. Anatsokomola, nayamba.

"Alendo olemekezeka, ulimi ndi sayansi. Ine nditaona kuti udzu wandivuta, ndinakhala pansi n'kuganiza."

"Pokhala pansi pokhapo sakunama," ananong'ona mayi wina pachulu.

"Kalongonda wanuyu akuoneka wofiirira," anatero alangizi, nkhope itakwinyika pang'ono.

"Ndi mtundu watsopano. Umagwirizana ndi nthaka yanga."

Pofuna kutsimikiza, anathyola phava lonse la nyemba, naligwedeza m'mwamba kuti a kumbuyo aone. Dzuwa linali litagwira ntchito yake, ndipo kamphepo kanabwera panthawi yake ngati kaitanidwa. Anapatsira bwana nyemba imodzi. Bwana anaisisita, nainunkhiza, n'kupatsira wa kamera. A Wailesi anatenga ziwiri, imodzi n'kuisunga pachifuwa kuti akadzale kwawo.

Woyamba anali bwana. Anakanda pakhosi ndi chala chimodzi, mwaulemu, ngati akukonza tayi. Kenako ndi zala ziwiri. Wa kamera anaika kamera pansi. A Chipewa anapitiriza kuyankhula, koma phewa lina linayamba kukwera lokha.

"Ubwino wa mbewu imeneyi... ubwino wake... mayo!"

Zitatero ulemu unatha. Bwana anavula jekete, navula tayi, nakapeza mtengo wa mango n'kuyamba kukhulapo msana ngati ng'ombe. Alangizi ankadumpha malo amodzi, akudzikanda ndi cholembera. Atatu a mabotolo aja anabalalika m'chimanga. A Wailesi anagwa pansi n'kumagubuduka, akuitana amayi awo amene anamwalira kalekale.

"Achimwene, mwandipha! Nyamakazi yanga ili bwino kuposa izi!"

Pachulu anthu ankagwirana kuti asagwe ndi kuseka.

"Madzi! Bweretsani madzi!" anakuwa bwana.

"Madzi ayi!" Make Mapasa anatsika pachulu, beseni lili pamutu. "Mukathira madzi tsopano ubweya ufalikira thupi lonse. Lekani kukanda, mukuukhomerera. Chokani kumphepoko, bwerani kuno. Imani pamzere!"

Anthu a magalimoto anaima pamzere ngati ana a sukulu. Iye anayamba ndi alangizi: phulusa louma kupukuta nalo mopepuka kuti ubweya uchoke, kenako khovani woterera pamwamba kuti moto uzizire. Azimayi ena anatsika kudzathandiza, abambo awiri n'kutengera bwana kuseri kwa mango. Posachedwa alendo onse anali otuwa ngati agwa m'thumba la simenti, koma akupuma.

"Mayi, mankhwala amenewa mumagula kuti?" anafunsa bwana, atakhala pabenchi ndi vesiti yokha.

"Ndi udzu, bwana. Womwewu timauponda."

"Tsono chimene chatilumachi n'chiyani?"

"Chitedze. Mphwake wa kalongonda, koma wosabadwa bwino. Kalongonda weniweni ubweya wake ndi waufupi, wofewa, suluma. Muli naye mmodzi uyo, kuseri kwa phesi, wa masamba anayi. Anzake anathera pabawo."

Alangizi anaweramitsa mutu. "Munandiuza, mayi."

"Ndinayesa kawiri. Munati ndiike makapu."

Nthawi yonseyi a Chipewa anali kumapeto kwa mzere, akuvina gule wopanda ng'oma. Iwo ndiwo anagwira phava lonse, ndipo ubweya unali utalowa m'malaya mpaka kumene sitingatchule.

"Amake mapasa, ndakupembani. Kaphulusa pang'ono."

"Kodi buku lija mwalisiya kuti?"

"Mkazi wanga, mayi wa ana anga, pepani!"

"Phulusa lilipo. Koma alendowa ali ndi funso, akuchita manyazi kufunsa. Munda uno amalima ndani?"

"Timathandizana."

Make Mapasa anatembenuka ndi beseni lake. "Alamu, bwerani ndikuwonjezereni."

"Achimwene, nenani zoona!" anakuwa a Wailesi, nkhope ili mbuu. "Ine ndakhala ndikunena kuyambira kale kuti pakhomo pano mlimi ndi alamu anga!"

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo," anatero Make Mapasa. "Ine sindikufulumira."

"Amalima ndi iwowa!" A Chipewa anafuula mpaka a pachulu anamva. "Kulima iwowa, kupalira iwowa, kudimba iwowa! Ine ndimangopita kumisonkhano. Alangizi, fufutani! Fufutani msanga!"

Alangizi anatola pepala, nayang'ana bwana. "Koma apa palembedwa kuti mutu wa banja."

"Ndani analemba zimenezo?" anafunsa bwana.

"Ofesi yanu, bwana."

Bwana anakanda pakhosi, nakumbukira kuti aletsedwa, n'kubweza dzanja. "Khwatchanipo. Lembani kuti wolima munda."

Make Mapasa anaima pambali pa alangizi, natchula dzina lake lonse, chilembo ndi chilembo, maso ali pacholembera mpaka chinafika kumapeto. Atatero anatapa phulusa lodzaza manja awiri, nayamba ndi msana wa mwamuna wake.

"Imani bwino. Mukugwedezeka ngati mwana pa jekeseni."

Alendo sanachoke msanga. Bwana anafuna kudziwa udzu wina umene amauponda osaudziwa, ndipo Make Mapasa anawayendetsa m'mphepete mwa munda, vesiti ndi phulusa lomwelo. Anawaonetsa chisoso chimene chinapulumuka, nati nsonga zake ndi ndiwo, ndipo masamba ake amafinyira pabala laling'ono. Anawaonetsa deliya wa maluwa achikasu, amene amamuviika m'madzi n'kuwaza kudimba kuti nsabwe za m'masamba zithawe. Atafika pa kaufiti wa m'timiyala uja, anamuzula pamaso pawo, nati ameneyu satayidwa m'munda, amaotchedwa. Alangizi ankalemba, ndipo ulendo uno sanayang'ane dzuwa.

Pampu anaitsitsira kudimba, osati kunyumba. Anatero mwini wake. Mlungu wotsatira anthu odutsa kumtsinje ankaona Make Mapasa atagwira paipi, akuthirira mbewu zake msana uli chilili. Wopalasa anali a Chipewa. Akuti anapempha okha, chifukwa pabawo anali asanayambe kupitako: akangotulukira, anzawo onse ankayamba kudzikanda.

Tsono inu oyenda ndi mapepala, alangizi ndi a mabungwe, ndakupembani. Mukafika pakhomo musathamangire kulemba amene wakhala pampando. Uzani onse atambasule manja, muone amene mpini unawadya, ndipo wobweretsa madzi akumwa akati ali ndi mawu, imitsani njinga mumve. Chitedze sichidzapezeka tsiku lililonse kuti chikufunsireni.